Bwanji nkhuku zilibe kachida koyezera chimfine ngati ka malungo kaja?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Santhe, Kasungu: "Ndili ndi nkhuku za mazira 300 ndi zachikuda zingapo zoyenda pakhomo. Mu Julayi zinayamba kuyetsemula, zina kutupa nkhope mbali imodzi mpaka diso kutsekeka, usiku m'khola mumamveka mkonono, mazira anatsika. Katemera wa chitopa ndinapereka. Ndagula mankhwala amitundu itatu, zimakhala ngati zachira kenako zimayambiranso. Kuchipatala amangotibaya pachala, mphindi zochepa atiuza kuti ndi malungo. Bwanji nkhuku zilibe kachida kotero? Inu ophunzira mukutani?"

Mayi, pepani kaye ndi zomwe zakuonekeranizi. Munthu woweta nkhuku za mazira akamva mkonono uja usiku tulo sabwera, chakudya zikudyabe thumba ndi thumba koma mathileyi akutuluka osadzaza. Funso lanuli ndi lomwe ife a mu labu ya ziweto timalimbana nalo, nde ndiyankha motalikirapo, mupirire nane.

Chimene timangochitchula kuti chimfine cha nkhuku si matenda amodzi ayi. Pali bakiteriya wotchedwa Mycoplasma gallisepticum, uyu ndi amene amabweretsa chimfine chokhalitsa chija pa mapaketi a mankhwala amalemba kuti CRD, amayenda pang'onopang'ono m'khola ndipo amadutsa mu dzira kuchoka kwa make kupita kwa mwanapiye, moti mutha kugula anapiye atsiku limodzi ali naye kale. Ali ndi m'bale wake Mycoplasma synoviae amene amagwiranso mfundo za miyendo. Pali Avibacterium paragallinarum, mwini wake wa matenda a coryza, uyu ndi waphuma, pakangotha tsiku limodzi mpaka atatu nkhope yatupa, mamina onunkha, diso lamatika, ndipo mazira atha kutsika ndi 10 mpaka 40 pa 100 alionse. Mabuku akale amamulemba Haemophilus paragallinarum, dzinalo linasinthidwa mu 2005. Pali Pasteurella multocida wa kolera ya nkhuku, yemwe Louis Pasteur ankalimbana naye ku France cha mu 1880. Palinso wa dzina lalitali, Ornithobacterium rhinotracheale, timangoti ORT, amene anapatsidwa dzina mu 1994. Ndiye kumapeto E. coli, amene amadikira anzakewa athyole chitseko iye n'kulowa kukadzaza timatumba ta mpweya ta nkhuku ndi mafinya ouma achikasu, ngati m'kati mwa dzira lowiritsa. Amenewo ndi mabakiteriya okha. Kumbali ya mavairasi kuli chitopa, IB (yotupitsa njira za mpweya zopita m'mapapo), ILT (yotupitsa kholingo) ndi chimfine cha mbalame, ndipo olo nkhungu ya mu makoko a mtedza onyowa amene ambiri ku Kasungu ndi ku Mchinji timayala pansi m'khola imapangitsa anapiye kupuma mobanika kukamwa kuli yasa. Onsewa nkhuku ikawagwira imaoneka pafupifupi chimodzimodzi, ndipo kawirikawiri sakhala mmodzi, amakhala awiri kapena atatu m'nkhuku imodzi.

Zomwe mwafotokozazi, kutupa nkhope mbali imodzi, mazira kutsika, kuchira n'kuyambiranso, maganizo anga akupita kwa coryza, mwina atakwera pamwamba pa Mycoplasma yemwe analimo kale. Koma amenewo ndi maganizo chabe, sindinaziyeze, ndipo kungoganiza kotereku ndi kumene kwakudyerani ndalama za mankhwala katatu konse.

Tsopano ku kachida ka malungo kaja. Kamagwira ntchito chifukwa zinthu zingapo zinakumana bwino. Pafupifupi malungo onse kuno amayamba ndi kachilombo kamodzi, Plasmodium falciparum, kamakhala m'magazi kochuluka, ndipo kamatulutsa puloteni yakeyake yotchedwa HRP2 imene thupi la munthu silipanga. Kachida kaja kali ndi kamzere kogwira puloteni imeneyo basi. Komanso dziko lonse lapansi linathirapo ndalama zankhaninkhani chifukwa ndi moyo wa anthu. Nde taonani pakhosi pa nkhuku. Magazi a nyama yathanzi amakhala oyera opanda tizilombo, koma mphuno ndi kholingo la nkhuku ndi ngati msika wa Santhe tsiku la msika, mwadzaza mabakiteriya osalakwa, ena mwa iwo ndi abale enieni a oyambitsa matenda aja. Avibacterium ali ndi abale ake ofatsa, Mycoplasma naye ali ndi ake monga Mycoplasma gallinarum amene amangokhala osavuta munthu. Kachida kongoti "ndapeza Mycoplasma" kangakunamizeni tsiku lililonse. Chinanso chovuta, nkhuku imene inadwala kale n'kuchira imasungabe kachilomboko nthawi yaitali ili gwa. Ndiye olo mwam'peza wolakwa weniweniyo funso limatsalabe, kodi ndi iyeyu akudwalitsa lero kapena wangopezeka pamalopo?

Njira zoyezera zilipo, kungoti pafupifupi zonse zimafuna labu. Yakale kwambiri ndi yodzala. Timatenga kathonje ka pa kamtengo, timati swabu, kupukuta m'kati mwa chotupa cha pansi pa diso kapena mu kamng'alu ka m'kamwa chakumwamba, n'kupaka pa kambale ka chakudya cha mabakiteriya chosakaniza ndi magazi a nkhosa, kuika mu inkyubeta pa madigiri 37. Apa mpamene mungamvetse chifukwa chake ntchitoyi imatopetsa. Avibacterium ndi wosankha zakudya, ambiri a iwo samera popanda chakudya china chotchedwa NAD, nde timajambula kamzere ka bakiteriya wina wa mtundu wa Staphylococcus pakati pa mbale kuti azimudyetsa, iye n'kumamera timadontho tating'ono ngati mame m'mbali mwa kamzereko. Amafunanso mpweya wa carbon dioxide wochulukirapo, moti pomwe palibe makina timaika mbalezo m'chibotolo chachikulu, kuyatsa kandulo m'katimo n'kutseka mpaka kandulo izime yokha. Akamera timadontheza hydrogen peroxide, abale ake ofatsa aja amachita thovu, iye ayi. Ndiye kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ku South Africa kunapezeka mitundu ina ya Avibacterium yemweyu yosafuna NAD n'komwe, chizindikiro chimene anthu ankachidalira chinaleka kukwanira. Kunja kwa nkhuku safika patali, amafa msanga, ndiye swabu itachoka ku Santhe m'thumba la jumbo, kudikira minibasi idzaze, kutentha kwa mu msewu mpaka ku Lilongwe, imakafika iye atafa kale, otsala ndi E. coli ndi Proteus amene amayanga mbale yonse ngati kapinga. ORT naye ndi choncho, amachedwa kumera, masiku awiri timadontho take tikadali ngati nsonga ya singano anzake atamuphimba kale. Mycoplasma ndiye woposa onse, amafuna chakudya chapadera chokhala ndi seramu (madzi amene amatsala magazi akaundana), ndipo utha kudikira masabata atatu kapena kuposa usananene kuti mulibe. Akamera amaoneka pa maikulosikopu ngati dzira lokazinga, pakati potumphuka. Mlimi ndani angadikire masabata atatu nkhuku zikufwenthera?

Komabe njira yodzalayi musaipepuse, ine ndimaikonda ndithu, chifukwa ndi yokhayo imene imatipatsa bakiteriya wamoyo m'manja. Tikakhala naye timamuyala pa mbale, kuikapo timapepala tozungulira tonyowetsedwa mankhwala osiyanasiyana, m'mawa mwake timaona kapepala kamene kamulepheretsa kumera ndi kamene wakazungulira osaopa. Yankho la funso loti "ndigule mankhwala ati" limachokera pamenepo.

Njira yachiwiri ndi ya magazi, kufufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi kachilombo, ma antibody. Apa mpamene pali chinthu choyandikira kwambiri ku kachida komwe mukufuna. Kwa Mycoplasma kuli mankhwala opakidwa utoto, umadontheza dontho limodzi pa kambale koyera, dontho lina la seramu ya nkhuku, kusakaniza, kupendeketsa pang'ono mphindi ziwiri, ngati asilikali alimo pamachita timibulu. Ndi yachangu komanso siidya ndalama zambiri, koma imanama mosavuta. Nkhuku zikakhala kuti zabayidwa posachedwa katemera wamafuta uja, kapena seramu inaumitsidwa mu firiji, kapena m'kholamo muli Mycoplasma winayo, timibulu timabwera popanda matenda amene ukufuna. Nde chotuluka pamenepo chimafuna kutsimikiza ndi njira zina za mu labu zoyezera magazi monga ELISA kapena HI. Vuto linanso mukulidziwa kale kuchokera ku kuyezetsa HIV, paja amati mubwerenso pakapita nthawi chifukwa thupi limatenga masiku lisanapange asilikali? Nkhuku nazo choncho. Tsiku lachiwiri la kudwala magazi sanena kanthu, ndipo akanena, akunena zoti nkhukuyi inakumanapo ndi kachilomboka, kaya ndi mwezi watha kaya ndi katemera. N'chifukwa chake timakonda kutenga magazi kawiri, pano ndi pakatha masabata awiri kapena atatu, kuona ngati asilikali akwera.

Yachitatu ndi imene mudaimva kwambiri nthawi ya COVID-19, PCR. Anaitulukira Kary Mullis mu 1983. Iyi siisamala kuti bakiteriya ndi wamoyo kapena wafa, imafufuza kachidutswa ka DNA yake n'kukachulukitsa ngati makina a fotokope, kutenthetsa mpaka madigiri 95, kuziziritsa, kutenthetsanso, maulendo 30 mpaka 40, ulendo uliwonse chiwerengero chikuwirikiza kawiri, mpaka kachinthu kosaoneka kaja kachuluka koti makina akaone. Yankho limatha kutuluka tsiku lomwelo. Ya coryza imene malabu ambiri akhala akugwiritsa ntchito, yotchedwa HP-2, anaipanga asayansi a ku China ndi Australia mu 1996, ndipo inathandiza zedi chifukwa imagwira ndi mitundu yosafuna NAD ija yomwe.

Mwafunsa kuti ophunzira akutani, nde ndikuuzeni mmene chida choyezera chimapangidwira, chifukwa anthu ambiri amaona ngati ndi nkhani yongosakaniza mankhwala mu botolo. Choyamba uyenera kupeza chizindikiro chimene wolakwayo ali nacho yekha. Ukatuma mwana pamsika kuti akapeze mayi wovala chitenje abwera ndi msika wonse, uyenera kumuuza za chipsera cha pachipumi chimene ali nacho mayi mmodzi yekhayo. Pa kompyuta timayala DNA ya mabakiteriya ambirimbiri, wolakwayo ndi abale ake onse, kufunafuna kachigawo kopezeka mwa mitundu yonse ya wolakwayo koma kosapezeka mwa wina aliyense. Kwa Mycoplasma gallisepticum anthu amakonda kachigawo kotchedwa mgc2, kwa synoviae vlhA, kwa Pasteurella multocida kmt1. Ukakapeza umalemba tizingwe tating'ono ta DNA, ma primer, toti tikamatire pamenepo pokha. Ameneyo ndi mtunda woyamba chabe, komanso ndi wophweka.

Kenako umayesa chida chakocho ndi mabakiteriya odziwika, amene ukudziwa kale mayina awo. Umachipatsa wolakwayo, chivomere. Umachipatsa abale ake onse mmodzimmodzi, ndi E. coli, ndi chitopa, ndi mamina a nkhuku yathanzi, chikane onsewo. Umasungunula sampulo kakhumi, kakhuminso, kakhuminso, kuona kuti chimaleka kuona pakatsala tizilombo tingati. Zikayenda bwino mu labu mpamene umapita kumakola enieni, kuja kuli fumbi, ndowe, mamina okhuthala ndi zotsalira za mankhwala, zinthu zimene zimatha kutsamwitsa PCR n'kunena kuti mulibe pomwe muli. Pamenepo umafunika nkhuku zambiri zodwaladi ndi zambiri zosadwaladi, n'kufananiza chida chatsopanocho ndi njira zakale zodalirika. Mafunso ndi awiri, pa nkhuku zodwaladi chagwira zingati, ndipo pa zathanzi chanamizira zingati. Zili ngati kupeta, ukapeta mwamphamvu mankhusu achoka onse koma mbewu zina zapita nawo, ukapeta monyengerera mbewu zatsala zonse koma ndi mankhusu omwe. Tiyerekeze chida chimene chimalondola 95 pa nkhuku 100 zathanzi, chikumveka chabwino eti? Koma mukayeza nkhuku zanu zonse 300 zili bwinobwino, pafupifupi 15 chizinamizira, ndipo munthu atha kupha kapena kumwetsa mankhwala khola lonse chifukwa cha zimenezo. Pomaliza chida chomwecho chiyenera kupita ku malabu ena, anthu ena, makina ena, chikatulutse yankho lomwelo. Bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse, WOAH, limene kale linkatchedwa OIE, lili ndi ndondomeko ya masitepe onsewa, ndipo amatenga zaka.

Apa pali mfundo imene imandikhudza kwambiri ineyo. Zida zambiri zimapangidwa ndi kuyesedwa ndi mabakiteriya a ku Europe, America, China kapena Australia, pa nkhuku za m'mafamu akuluakulu za msinkhu umodzi. Athu a kuno angakhale osiyanako pang'ono pa kachigawo komwe ma primer akufuna kumatira, nde chida n'kumati mulibe. Coryza yekhayo ali ndi magulu atatu, A, B ndi C, ndipo katemera wa gulu limodzi sateteza bwino ku gulu lina, choncho kudziwa kuti ku Santhe, ku Chamama kapena ku Kamwendo kukuzungulira gulu liti ndi nkhani ya ndalama zenizeni za mlimi. Komanso kawetedwe kathu ndi kena, nkhuku za mazira m'khola, zachikuda ndi za Mikolongwe panja, nkhanga, abakha, nkhunda padenga, zonse zikumwera madzi pafupi. Chida chosayesedwa pa nkhuku zotere sindingachikhulupirire ndi mtima wonse olo chitabwera mu bokosi lokongola bwanji. Ndipo sitingachiyese popanda masampulo abwino ochokera kwa alimi ngati inu. Nkhuku zambiri zimene zimadwala chimfine m'midzi mwathu zimathera mu mphika kapena kudzala, palibe amene anaziyeza, nde chidziwitso chonse chimapita nazo.

Chiyembekezo changa chili pa njira yotchedwa LAMP, imene asayansi a ku Japan anailengeza mu 2000. Ndi m'bale wa PCR koma siifuna makina okwera ndi kutsika kutentha, imangofuna kutentha kumodzi, madigiri 60 mpaka 65, kwa nthawi yosapitirira ola, zoti kachipangizo kakang'ono ka batire kapena ka sola kangakwanitse. Mitundu ina yake madzi a mu kachubu amasintha mtundu, kuchoka pinki kupita chikasu, munthu n'kuona ndi maso. Ofufuza m'maiko osiyanasiyana apanga kale LAMP ya Mycoplasma ndi ya coryza. Chimene chimaivuta ndi mphamvu zake zomwe, imachulukitsa DNA kwambiri moti ukangotsegula kachubu kamodzi kotha kale, DNA ija imamwazika m'chipindamo, masampulo a mawa onse n'kumaoneka ngati ali ndi matenda. Mankhwala akenso ambiri amafuna firiji, ndipo magetsi akathima masiku awiri ndalama zapita, nde ntchito yaikulu ndi yowaumitsa kuti azisungika pa shelefu mu Okutobala wa ku Kasungu osaonongeka. Ine sindikuona kachida ka m'thumba la mlimi aliyense posachedwapa, msika wake ndi wochepa, kachida kamodzi katha kudula kuposa nkhuku imene ukuyeza. Chimene ndikuona kuti n'chotheka ndi kabokosi kotere kukhala pa ofesi ya ziweto ya boma lililonse, mlangizi wa ziweto n'kumatenga maswabu a nkhuku zisanu kuphatikiza mu kachubu kamodzi, chifukwa pa nkhuku timayeza khola osati nkhuku imodzi. Palinso timakadi totchedwa FTA, umapakapo swabu, kamauma, kachilombo kamafa koma DNA imasungika popanda ayisi, kakadiko katha kuyenda mu envulopu. Kwa malo otalikira labu ngati kwathu kuno zimenezi n'zothandiza kwabasi, kungoti pa kakadi sungadzalepo kanthu, nde za mankhwala oyenera sikangakuuze.

Tibwere ku khola lanu. Musagulenso mankhwala achinayi musanayezetse, chonde. Mankhwala akalowa amapondereza mabakiteriya moti mbale siimera ndipo olo PCR imavutika, nde timakubwezerani pepala loti sitinapeze kanthu pomwe matenda alimo. Ndinalandirapo nkhuku ziwiri zakufa dzana lake, zitamwa mankhwala sabata yathunthu, mwini wake atalipira thiransipoti yodula, ndipo panalibe choona kupatula zowola, bamboyo anabwerera ali khuma ndipo mpaka lero zimandiwawa. Pitani kaye kwa mlangizi wa ziweto wa ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) kwanu kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma, iwo ndi amene amadziwa njira yotumizira ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo afunse kaye kumeneko kuti pa nthawiyo akutha kuyeza ziti, mtengo wake, ndi tsiku loti sampulo ifike, isakafike Lachisanu madzulo. Sankhani nkhuku zitatu mpaka zisanu zimene zangoyamba kumene kudwala, tsiku loyamba kapena lachiwiri, zosamwa mankhwala. Musasankhe yofookeratu ija yakhala ikudwala mwezi, imeneyo mwadzaza kale a E. coli obwera mochedwa. Ngati yangofa kumene ikani mu pulasitiki, mu cooler box ndi ayisi, ikhale yozizira koma isaume gwaa, ndipo ifike tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Za magazi zimafuna nkhuku zambiri, pafupifupi 30, chifukwa ngati matenda ali mu nkhuku imodzi pa khumi zilizonse, pamafunika chiwerengero chotero kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 wokumana ndi imodzi yodwala.

Koma ngati tsiku lina mudzaone nkhuku zikungogwa zambirimbiri mwadzidzidzi, malipombo ndi ndevu zake zitada, musanyamule olo imodzi kukwera nayo minibasi, musagulitse, musadye, itanani a ziweto abwere okha. Zotero zitha kukhala chitopa champhamvu kapena chimfine cha mbalame chija chinapululutsa nkhuku za mazira ku South Africa mu 2023.

Pa mankhwala ndinene mwachidule. Makapisozi a anthu a amoxicillin amene ena amasungunulira nkhuku sangamuphe Mycoplasma, chifukwa mankhwalawo amagwira ntchito pogumula khoma la bakiteriya, ndipo Mycoplasma alibe khoma. Tylosin, doxycycline ndi oxytetracycline amamufooketsa, coryza nayenso amamva mankhwala ena, koma pa onse awiriwa mankhwala amangoziziritsa zizindikiro, kachilombo kamatsala mwa zina, nde kukangozizira kapena mukangosintha chakudya zayambiranso. Zomwe mukuonazo ndi zimenezo. Komanso werengani pa paketi, mankhwala ambiri amatsikira mu dzira, ena salola n'komwe kupatsa nkhuku zoikira, ndipo mazira amenewo amadya ndi ana athu omwe. Katemera wa chitopa munachita bwino, pitirizani, kaya ndi I-2 wodontheza m'diso uja miyezi inayi iliyonse kaya LaSota, kungoti iye amateteza chitopa chokha, mabakiteriyawa sawadziwa.

Mwati zinayamba mu Julayi, ndipo sindikudabwa. Kukazizira timatseka khola mbali zonse ndi masaka ndi mapulasitiki pomvera chisoni nkhuku, ena khola lake ndi chigafa chakale cha fodya chomatidwa, pansi utuchi wanyowa pafupi ndi momwera madzi, fungo loswa mphuno lija ladzaza. Fungo limenelo limapsereza njira ya mpweya ya nkhuku, tizilombo n'kupeza polowera. Lowani m'khola m'mamawa musanatsegule, munjute mpaka mutu ufike pa msinkhu wa nkhuku, maso akayamba kuwawa dziwani kuti izo zakhala zikupuma zimenezo usiku wonse. Tsekani mbali yochokera mphepo yokha, kumwamba kusiye mpata, chotsani utuchi wonyowa. Zachikuda zija zisayandikire khola, ndipo wogula mazira kapena wa njinga wogula nkhuku asalowemo, wadutsa m'makola angati tsiku limenelo? Musaikemo misoti yatsopano pamodzi ndi zakalezi, idzadwala pasanathe sabata. Gulu ili likadzatha kuikira gulitsani lonse, tsukani, thirani mankhwala ophera tizilombo, khola likhale lopanda kanthu masabata awiri kapena atatu. Mwayi wake Mycoplasma ndi Avibacterium onse sakhalitsa kunja kwa nkhuku, ndiye khola lopuma limayeradi.

Potumiza sampulo lembani kapepala, kaike mu pulasitiki yakeyake kasanyowe. Lembanipo msinkhu wa nkhuku, komwe munagula anapiye, tsiku limene zinayamba, zafa zingati, mazira anali mathileyi angati ndipo pano ndi angati, katemera yense ndi masiku ake, ndi mayina a mankhwala atatu aja, bola mutumize ndi mapaketi ake omwe ngati simunataye. Mupemphenso kuti akadzala bakiteriya n'kumera, amuyese mankhwala ndipo ngati n'kotheka amusunge mu firiji yawo, asamutaye, chifukwa mabakiteriya osungidwa otere ndi amene wophunzira wa ku Bunda kapena wofufuza wina adzayesere chida chatsopano. Zotsatira zikabwera mundilembere zomwe alemba, makamaka dzina la bakiteriya ndi mankhwala amene amuyesa, tione limodzi ngati gulu limeneli ndi loti mulisunge mpaka kumapeto kapena ayi.